Madzi a pa Maliro a Munthu Wamoyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Mbombwe ndi inu a m'mipingo ya m'midzi, landirani moni. Ndine Edisoni, mwana wa malemu a Namakhwa, uja mumamudziwa ndi khasu paphewa, pakuti ndakhala mdzukulu wokumba manda kuyambira ndevu zisanamere. Akulu a mpingo andipempha kuti ndilembe zimene Mulungu anandichitira m'chaka cha njala yaikulu ija, pamene mtsinje wathu wa Nankhanu unaphwa, ndipo bambo anga anatsala pang'ono kufa osabatizidwa chifukwa chosowa madzi owamizamo.

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa ndamva kuti alipo ena amene amati Edisoni akamakamba nkhani amathirako mchere. Mboni yoyamba ndi mlongo wanga Esinati, amene chibadwire sanandivomerezepo kanthu, ndiye iye akavomera dziwani kuti zinachitikadi. Yachiwiri ndi mayi Matilida, anansi athu, Mkatolika wa kolona m'khosi, amene akanama lero mawa amakaulula kwa ansembe. Yachitatu anali abusa a Matewere, koma iwo anatsogola, ndipo wokayika akawafunse akakafika. Mkhristu salumbira, choncho inenso sindilumbira. Ndingoti palibe chimene ndawonjezera. Kwina ndachita kuchepetsako kuti mungandiyese wabodza.

Ana a masiku ano mukaona Nankhanu mumaona kangalande kongodumpha. Ife tili ana unali mtsinje. Unkatsika kuchokera kuphiri la Chiradzulu uli mumthunzi wokhawokha, mibawa, mikuyu ndi mikatope itakumana pamwamba, moti dzuwa linkachita kupempha odi kuti lione madzi. Nkhanu zinali zochuluka moti ukaponda m'madzi ndi mapazi umatuluka utavala nsapato. Mlamba wina tinaukoka anyamata a mudzi wonse, ndipo mutu wake amayi anausandutsa mpando wokhalira popeta. Esinati amati unali wocheperapo, koma iye anali mwana nthawi imeneyo, maso anali asanakhwime. M'mbali monsemo munali madimba a nzimbe, mpiru, anyezi ndi nthochi, ndipo amayi ankasenza ndiwo kukagulitsa ku Namadzi, n'kubwerako ndi mchere ndi kasopo.

Pansi pa mkuyu waukulu panali dziwe, ndipo mpingo wathu unkabatizira pomwepo. Ndikatseka maso ndimaonabe tsiku limene amayi anabatizidwa. Anthu anadzaza magombe onse awiri atavala zoyera, nyimbo ikuyankhana ndi phiri, abusa ali m'madzi ofika pachifuwa, katumbu atasuzumira mubango kudabwa kuti alendo onsewa achokera kuti. Ine ndi Esinati tinadzamizidwanso pomwepo titasinkhukirapo. M'nyumba mwathu anatsala munthu mmodzi.

Bambo anga anali aatali. Mvula inkayamba kunyowetsa iwo, ife a pansi pano n'kudzaimva mawa lake. Polowa m'nyumba mutu unkafika kuchipinda miyendo ikadali kunkhokwe. Anali Mlomwe wa ku Manguru, ndipo anabwera kuno ali mnyamata, kuthawa chikoti cha kumeneko. Powoloka Ruo madzi anali atasefukira. Anagwirana manja ndi mkulu wawo, koma pakati pa mtsinje dzanja linapulumuka, ndipo tsidya lino anafika okha. Kuyambira tsiku limenelo sanalolenso kuti mutu wawo ulowe pansi pa madzi. Kusamba ankasamba choimirira pamwala, chipanda m'manja. Lamulungu lililonse ankaperekeza amayi kutchalitchi n'kukhala panja pamwala wa pansi pa zenera, ngakhale kuti ndi msinkhu wawowo mutu unkakhala m'kati ndithu. Nyimbo zonse ankazidziwa. Koma akulu a mpingo akawayamba za ubatizo ankangoti, "Mulungu wanuyo ndilibe naye mlandu. Koma ine ndi madzi tinasiyana pa Ruo."

Mtsinje sunafe tsiku limodzi. Zigafa za fodya za kuesiteti ya kumtunda zinkafuna nkhuni usana ndi usiku. Tauni ya Limbe inkafuna matabwa ndi makala. Nafenso, poti malo anachepa, tinalima mpaka khasu linagunda madzi. Azungu a kuesiteti anatseka kumtunda ndi damu lothirira nazale zawo. Mitengo inatha umodziumodzi, ndipo inatsala kumanda kokha, kumene nkhwangwa imachita manyazi. Dziwe lija linayamba kufika m'chiuno, kenaka m'mawondo. Amayi anamwalira m'zaka zimenezo, osaona mathero ake. Pa mwambo, bambo akanabwerera kwawo, koma kwawoko kunalibe amene akanawadziwa, choncho anakhala ndi Esinati pamudzi pa amayi. Ine ndinali nditakwatira tsidya la mtsinje, kofuula munthu n'kumva.

Tsono chinafika chaka chija. Mvula inagwa pang'ono, tinabzala, ndipo inadula chimanga chili m'mawondo. Dzuwa linawamba moti nkhuku zinkaikira mazira ophikaphika. Nankhanu unaduka, n'kusanduka zithaphwi, zithaphwizo n'kusanduka mchenga. Achule anabadwa, n'kukula, n'kukalamba osadziwa kusambira, ndipo mvula itadzabwera ena anamira, ndinawaona ndi maso angawa. Tsiku lina ndinakumana ndi mlamba panjira ya ku Mauwa, uli fumbi lokhalokha, ukupita kukafuna malo kwina. Tinapatukirana bwinobwino, pakuti tonse tinalibe mphamvu. Madimba anauma. Amayi a m'midzi ankafukula mchenga n'kumadikira kuti kachipanda kadzaze, mpaka mchenganso unakana. Ku Namadzi madzi anayamba kugulitsidwa pa debe ngati palafini. Obwera kuchokera ku Limbe ankati mipopi ya m'tauni ikungotsokomola. Kwathu kunatsala kasupe mmodzi patsinde pa phiri, ndipo amayi a midzi yonse ankalawirira kumeneko mbandakucha, n'kuima pamzere, n'kubwera dzuwa lili pamutu ndi mtsuko umodziumodzi.

Njala inawagwira bambo msanga, chifukwa thupi lalitali chonchija madeya a m'chikhatho sankafika kumapazi. Miyendo inatupa. Anasiya kupita kumwala wawo wa pazenera. Tsiku lina anandiitanitsa, ndipo ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde.

"Iwe Edisoni, kawauze abusa ako kuti ndavomera."

"Mwavomera chiyani, bambo?"

"Andimize. Amayi ako analowera khomo limenelo. Ine ndikalowera lina ndikafikira pamudzi pa eni, ndiye ndikamufuna kuti?"

Abale, mawu amenewa ndinawadikira moyo wanga wonse. Amayi anawapempherera mpaka mawondo anachita zikang'a. Ndipo mawuwo anadzatuluka m'chaka chimene ngakhale mpheta inalibe posamba. Abusa a Matewere anabwera tsiku lomwelo n'kuwafunsa mafunso a m'kalasi. Bambo anayankha onse, n'kuwakonzeranso nyimbo ina imene ankaiyamba mokweza kwambiri. Abusa anaseka, kenaka anandikokera kuseri kwa nyumba. Anati, "Mwana wanga, munthuyu ndi wokonzeka, ndipo masiku ake si ambiri. Kwathu kuno timamiza munthu yense, kuyambira tsitsi mpaka chala cha kuphazi. Ndipezere madzi owakwana, ine ndibwera ngakhale chokwawa."

Ndinayamba ndi dziwe lakale. Ndinapeza matope atang'ambika, ming'alu yake yolowa mkono. Ndinapita kudamu la kuesiteti. Mlonda, munthu wabwinobwino, anandiuza kuti bwana analetsa ngakhale mbuzi, ndipo atandilola kusuzumira ndinaona kuti madzi ake sakanamiza ndi bakha yemwe. Kukasupe madzi ankachita kudontha, ndipo sindikanatha kuuza amayi kuti ana anu agone ndi ludzu, ine ndikufuna kudzaza chitsime cha bambo anga. Kuwanyamula kupita kumitsinje ikuluikulu kunali kuwapha panjira, komanso machila a msinkhu wawo m'boma lonse la Chiradzulu munalibe.

Mayi Matilida atamva anabwera ndi kaphala ka chinangwa. Ankakondana ndi amayi kuyambira utsikana, ngakhale Lamulungu ankasiyana pamphambano.

"Bambo a Rute," anatero kwa ine, "mukuvutikiranji? Kwathu kapu imodzi imakwana. Ndikawauza ansembe kumishoni mawa lomwe ali pano pa njinga."

Bambo anayankha ali chigonere. "Mayi Matilida, kapu yanuyo ndi yabwino, sindikuinyoza. Koma mkazi wanga sanapite ndi kapu."

"Alomwe inu makani. Mudzakangana ndi angelo pachipata."

"Akakhala a Chinyanja tidzakanganadi."

Tinaseka, koma ine pobwerera kunyumba ndinali wolefuka. Chaka chimenecho khasu langa silinkapuma. Tinaika ana, tinaika nkhalamba, tinaika anthu amene dzana lake tinali kukumba nawo. Manda aliwonse amene ndinkakumba ndinkati otsatira ndi a bambo. Ndinayamba kuwazemba, chifukwa ndikafika ankangondiyang'ana osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako kunkandipweteka kuposa mafunso. Ndinaleka kutsogolera nyimbo kutchalitchi. Ndinkati mumtima, pemphero la amayi layankhidwa mochedwa, ngati chimanga chofika anthu atafa kale.

Madzulo ena ndinatsikira padziwe louma lija n'kugwada pamene abusa ankaima. Pemphero limene ndinapemphera silinali la m'buku, ndipo musaliphunzitse ana. Ndinati, "Ambuye, munthu uyu mwamusaka zaka zonsezi. Lero wabwera yekha pakhomo panu, ndiye Inu mwabisa madzi? Ine ndilibe mtambo, ndilibe damu. Ndili ndi khasu basi." Ndinayang'ana kumwamba. Kunali mbee, kopanda ndi kamtambo kopukutira mphuno. Koma mawu anga omwe aja ananditsatira mpaka kunyumba: ndili ndi khasu. Ndinaganiza kuti ndikumbe dzenje la msinkhu wa bambo, ndilimate ndi mtapo, dothi lija amaumbira mbiya, kuti ngakhale kamvula kosochera katadutsa kapeze malo okonzeka. Madzi odzazira ndinalibe, ndipo sindinauze munthu, kuopa kusekedwa. Mtapo wofewa unatsala malo amodzi okha m'dziko lonselo: m'mphepete mwa msitu wa kumanda, pamthunzi pa mitengo ija nkhwangwa inaileka.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Esinati. Iye anali atapita kale kukasupe. Bambo anali pamphasa pakhonde, atafunda bulangete mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche. Sindinafune kuwadzutsa, poti tulo ndito tinali chakudya chawo. Ndinathyola bango louma, ndipo limodzi litaperewera ndinalumikiza ndi linzake. Ndinagwada n'kuwayeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga manja anga anazolowera. Kenaka ndinaika khasu paphewa, bango m'dzanja, n'kulunjika njira ya kumanda.

Inu a kuno mukudziwa kale chimene ndinachita, koma ine tsiku limenelo sindinachiganize. Kwathu kuno bango limayeza munthu mmodzi yekha, wakufa. Ndipo mayi Matilida, amene anachedwa kunyamuka tsiku limenelo, ankadutsa kuseri kwa nkhokwe mtsuko uli pamutu. Anaona munthu wofunditsidwa mpaka kumutu. Anaona mkulu wa adzukulu atagwada ndi bango. Anamuona akulowera kumanda ndi khasu. Sanafunse, chifukwa mdzukulu ali pantchito safunsidwa mafunso. Anangodzilemba chizindikiro cha mtanda n'kuthamangira kukasupe kukauza Esinati.

Za kukasupeko ndinachita kumva, koma ndinamva kwa anthu ambiri. Esinati anadzigwetsa pansi. Pamzerepo panali amayi a midzi yonse, a mpingo wathu, Akatolika, Asilamu a Chiyao, ndi ena osapemphera konse. Tsono mukudziwa mwambo wathu, kuti mayi sapita pamaliro chimanjamanja. Amasenza mtsuko wa madzi kukatula pa siwa, kuti pakhale osambitsira mtembo, ophikira alendo ndi osamba adzukulu. Njala inatilanda zambiri, koma mwambo umenewu inaulephera. Amene anali atatunga kale anatembenuza mitsuko yawo kulunjika kwathu. Otsala pamzere anasiya kukangana, n'kumadzaza mwachangu. Wina anapatukira kwa abusa a Matewere, ndipo iwo anavala jekete lawo lakuda n'kutenga buku. Nthawi yonseyi bambo, dzuwa litafika pakhonde, anali atakwawira m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ine ndinali m'dzenje, ndikumata khoma lomaliza, pamene ndinamva kulira. Khutu la mdzukulu siliphonya kumene maliro akuchokera. Kunali kwa Esinati, ndipo mawu otsogolera anali ake. Mtapo unagwa m'manja. Ndinati, ndachedwa. Ndataya mmawa wonse ndi dothi, bambo anga n'kutsirizika okha, popanda wowagwira dzanja, monga mkulu wawo pa Ruo. Ndinathamanga ndikulira ngati mwana. Pa zonse zimene ndalemba muno, apa pokha ndilibe choseketsa. Ndinalira maliro amene ndinawayambitsa ndekha, ndipo ndinawalira ndi mtima wonse.

Nditafika ndinapeza bwalo ladzaza. Amuna anakhala mwakachetechete pansi pa mango, abusa ali pakati pawo. Mitsuko inandandalikidwa m'mbali mwa nyumba, kuzungulira nkhokwe mpaka kukhola, yonse yodzaza, dzuwa likunyezimira m'kati mwake. Chiyambire chilala ndinali ndisanaone madzi ochuluka chonchija pamalo amodzi. Ndinati mumtima, taonani, madzi abwera munthu atapita. Amayi akuluakulu anali akukonza zitenje kuti alowe m'nyumba, Esinati atamugwirizira uku ndi uku.

Ndiye chitseko chinatseguka chokha. Unatuluka mutu. Kenaka mapewa. Patapita kanthawi zinatuluka zotsalazo. Bambo anagwira mzati wa khonde, n'kuyang'ana khamu lonselo, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepanitu nonse. Wamwalira ndani?"

Sindinaonepo anthu anjala akuthamanga chonchija. Mkulu wina amene ankayenda ndi ndodo anaisiya ili chiimire. Mayi wina anakaima ku Mpama nkhata ikadali pamutu, ndipo akuti anaima chifukwa choti anakumana ndi apongozi ake. Abusa sanathawe, koma buku analigwira chadodolido. Chodabwitsa n'chakuti pa chipwirikiti chonsecho sipanasweke mtsuko ndi umodzi womwe.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, mayi Matilida anafotokoza zimene anaona, inenso ndinafotokoza zimene ndinkachita. Esinati anayamba wakumbatira miyendo ya bambo, kenaka anadza kwa ine.

"Achimwene, mutu wanuwu mumangosenzerapo chipewa? Munthu wamoyo amayezedwa ndi bango?"

"Ndikanawayeza ndi chiyani, achemwali?"

"Mukanawafunsa. Pakamwa ali napo."

Ena anaseka, koma ambiri sanaseke. Mayi wina wa mudzi wa kumtunda, mwana ali kumbuyo, ananena mokweza kuti ana ake chidzukire sanalawe dontho, ndipo iye wasenza mtsuko ulendo wonsewu chifukwa cha masewera a anthu akuluakulu. Ankanena zoona. Anawerama n'kuyamba kukonza nkhata, ndipo anzake anayamba kufunafuna mitsuko yawo. Ine ndinangoima, mtapo uli m'manja mpaka m'zigongono. Madzi amene ndinapempha anali pabwalo pathu, abusa ali pomwepo, dzenje lili lokonzeka, koma pakamwa panga panakana kupempha.

Anapempha ndi bambo. Anakhala pansi pakhonde, ndipo analankhula motsitsa moti anthu anachita kuyandikira.

"Amayi inu, madziwa munatungira ine. Ndikanafa mukanandisambitsa nawo osadandaula. Ndibwerekeniko ndikadali moyo. Sindimwa. Ndingolowamo n'kutuluka, mutenge madzi anu."

Kenaka mayi Matilida anasenza mtsuko wawo.

"Ndayambitsa ndine, ndiye nditsogole ndine. Koma mubweze, a Namakhwa. Anthu a mpingo wanuwu mumawononga madzi ngati muli ndi nyanja kuseri kwa nyumba."

Amayi akuluakulu anapatula mitsuko ya madzi akumwa ana, n'kuiika pamthunzi. Yotsalayo inanyamuka. Bambo tinawanyamula pachitseko, miyendo yotsalira anyamata akuigwirizira kumbuyo. Ulendo wake unali wofanana ndi wa maliro, njira yake yomweyo, koma nyimbo zinali za padziwe, zija zinkayankhana ndi phiri. Asilamu ndi Akatolika sankazidziwa, komabe ankathandiza kung'ung'udza.

Mtsuko uliwonse unkathiridwa pang'onopang'ono kuti mtapo ungakokoloke. Dzenje linasunga madzi. Abusa anavula jekete, anapinda buluku, n'kutsikira kumutu. Anauza anthu kuti asachite manyazi ndi misozi yawo, chifukwa pali munthu wakale amene akuikidwadi lero. Tinawatsitsa bambo chokhala, ndipo abusa anayesa kuwagoneka. Madzi anaperewera. Mphuno ndi mawondo zinatsala pamtunda ngati zilumba. Abusa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mitsuko, ndipo yonse inali yovundikira. Ndiye mayi uja wa mwana kumbuyo, amene anatitsatira mtsuko wake ukadali pamutu, anapatula anthu. Anamwetsa mwana wake ndi chikhatho, n'kuthira otsalawo kumapazi kwa bambo.

Atawagonekanso, madzi n'kufika m'makutu, bambo anagwidwa ndi mantha a pa Ruo aja. Anatambasula dzanja, ine ndinaligwira. Anatchula dzina la mkulu wawo, limene ndinali ndisanalimvepo pakamwa pawo. Ndinati, "Bambo, sindikutayani." Abusa ananena mawu a ubatizo, n'kuwamiza yense, kuyambira tsitsi mpaka chala cha kuphazi. Dzanja lawo linandifinya mpaka mafupa analira. Atawadzutsa anapuma, anaphethira, n'kuyang'ana mitengo ya kumanda pamwamba pawo. Kenaka anayang'ana ine.

"Madzi awa sananditenge," anatero.

Esinati analiranso, kulira kwina tsopano. Mayi Matilida anapukuta maso ndi kolona yemwe, n'kuyamba kukalipira anthu kuti abweretse zipanda madzi asanathawe. Amayi anatunga madzi onse kubwezera m'mitsuko, mpaka dontho lomaliza analikamula ndi nsanza. Mtsuko uliwonse unachoka wodzaza kuposa mmene unafikira. Esinati amati chinali chifukwa cha matope, koma iye sadziwa za madzi. Akumwa sanalinso, choncho anagwirizana kukathirira mbewu ya mbatata imene ankaisunga m'maenje a m'dimba la mayi Matilida, imene inali itafota kale masamba. Inatsitsimuka. Kholowa ameneyo ndi amene midzi yathu inagawana pobzala, ndipo mbatata zake zinatuluka zazitali, zofanana ndi munthu amene anasamba m'madziwo. Imodzi tinkaidya banja lonse kuyambira mbali zonse ziwiri, n'kukumana pakati Lachitatu.

Ena akamakamba nkhaniyi amati mvula inagwa tsiku lomwelo. Limenelo ndi bodza, ndipo ine bodza sindilikonda. Kumwamba kunakhalabe mbee, mawa lake amayi analawiriranso kukasupe, ndipo tinaikabe anthu ena. Mvula inadza pa nthawi yake. Koma bambo anasintha kuyambira tsikulo. Anayamba kudya, ndipo Lamulungu lotsatira tinawanyamula kupita kutchalitchi, n'kulowera pakhomo koyamba. Anadandaula kuti m'kati mukutentha ndipo nyimbo zimamveka bwino panja. Anakhala ndi moyo mpaka anadya chimanga chachiwisi cha chaka chotsatira, ndipo mvula yoyamba itagwa anatuluka panja osavala chipewa.

Anamwalira nthawi yokolola, ine nditawagwira dzanja. Tinatumiza uthenga m'midzi, koma mpaka dzuwa kukwera sipanabwere munthu. Mudzi uliwonse unkadikira kuti unzake uyambe. Potsiriza anafika mayi Matilida okha, opanda mtsuko. Analowa m'nyumba, anavundukula bulangete, n'kunena kuti, "A Namakhwa, ngati muli ndi mawu nenani tsopano, ndisanachitenso manyazi." Anadikira nthawi ndithu. Kenaka anawafunditsa bwinobwino, anatuluka panja, n'kuyamba kulira. Apo m'pamene mitsuko inayamba kutulukira m'njira zonse.

Nankhanu sunabwererenso mwakale. Umadzaza miyezi ya mvula, n'kuwonda msanga, ndipo katumbu sindinamuonenso. Masiku ano timabatiza dzinja lokha, abusa atagwada kuti madzi aoneke ambiri. Ndikadutsa pamene panali mkuyu ndimamvabe fungo la madzi a mumthunzi, ndipo ndimalakalaka ana inu mukanaona. Chifukwa chake mukandiona ndikubzala mibawa m'mbali mwa mtsinje musamati Edisoni wapenga, ndipo mbuzi zanu muzimange.

Ndithokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu la munthu wa khasu. Ndithokoza amayi a midzi yonse ija, amene anabwereketsa chinthu chimene ana awo ankachilirira, kwa munthu wa mpingo umene ena mwa iwo sanapondemo. Ine ndinkayang'ana thandizo kumitambo, koma linadzera njira ya kukasupe, pamitu ya anansi anga, likulira maliro. Inu amene lero mwapempha mpaka mawu atha ndipo kumwamba kuli mbee, musaleke. Gwirani chimene chili m'manja mwanu, kumbani, matani, ngakhale mulibe dontho lothiramo. Chokhacho, mukafuna kuyeza munthu, yambani mwamudzutsa.

Ambuye akusungeni nonse, ndipo akupatseni mvula pa nyengo yake. Ameni.